Njinga ya a Bwanausi

Panali munthu wina ku Mecanhelas, dzina lake a Bwanausi, ndipo amene anandiuza akuti izi zinachitikadi. Nkhondo itatha, anabwerera kuchokera ku Malawi kumene anathawira, ali ndi ana awiri, mnyamata Juma ndi mtsikana Mastura, komanso njinga imodzi. Njingayo ndiyo inkadyetsa banja, chifukwa ankanyamulira nsomba za ku nyanja ya Amaramba kupita nazo kumsika.

Masiku amenewo magalimoto a mabungwe othandiza obwerera anali ponseponse, akukumba mijigo m'midzi. Tsiku lina pa siteshoni ya Entre Lagos, a Bwanausi anakumana ndi mlendo wovala tayi.

"Mwana wanu wamwamuna anaphunzira Chingerezi ku Malawi? Ndipatseni," anatero mlendoyo. "Akamaliza maphunziro anga, ntchito ya mu ofesi ya bungwe ndi yake."

Mtengo wake unali woboola m'thumba. A Bwanausi anakakongola kwa a Efraimu a golosale, n'kusiya njinga ngati chikole.

Mastura anati, "Ababa, mwafunsako kuti amene anamaliza kumeneko akugwira ntchito kuti? Ku Cuamba kuli sukulu ya boma ya ntchito zamanja, yotchipa."

"Mwana wanga wamwamuna azikadzola girisi? Ngati ukuzifuna, pita iweyo."

Mtsikanayo anapitadi. Ankagona kwa azakhali ake, m'mawa kugulitsa mandasi, masana kuphunzira kukonza mijigo. Anyamata ankamuseka, iye n'kumangopitiriza ntchito yake. Kunena zoona, mwana uja anali ndi mtima wolimba.

Juma anamaliza, n'kulandira pepala lokongola. Koma mabungwe anali atalongedza kale, poti anthu onse anali atabwerera. Watayi uja anasowa osatsazika. Juma anayenda ndi pepalalo mpaka nsapato kutha, ntchito osaiona. A Bwanausi ankasenza nsomba pamutu, kufika kumsika zitayamba kununkha. Mtima unkawawawa kwambiri. A Efraimu nawo anatopa kudikira, nati njinga aigulitsa.

Komatu mabungwe anapita okha, mijigo inatsala, ndipo inayamba kufa umodziumodzi. Midzi inayamba kusonkha ndalama zoitanira Mastura. Sanalemere ayi, koma ntchito sinkamusowa, ndipo ngongole analibe. Anakapempha a Efraimu kuti apirire, n'kumawalipira pang'onopang'ono osauza munthu.

Tsiku lina anatulukira pakhomo akukankha njinga ija.

"Ababa, nsomba zikukudikirani ku Amaramba."

A Bwanausi anagwira njingayo, n'kuyang'ana manja a mwana wawo akuda bii ndi girisi. Misozi inalengeza.

"Nsomba zidikire, mwana wanga. Mawa uli ndi mjigo ku Chiuta, eti? Zitsulo zako ndinyamula ine."

Phunziro: Usanakongole ndalama za maphunziro, funsa kaye kuti amene anamaliza ali kuti ndipo akudya chiyani. Sukulu ya boma yotchipa si yonyozeka, ndipo mwana akakulangiza umvereko. Tumizani nkhaniyi kwa makolo anzanu asanapereke chikole chimene chimawadyetsa.