Galimoto Yodula ya a Hilario

Ng'ombe ziwiri za a Amosi ndizo zinkakoka galimoto ya a Hilario pakati pa msika wa Nsaru, eni ake atagwira chiwongolero, maso patsogolo ngati sakuona anthu.

Galimotoyo ndani sankaidziwa? Inali yaing'ono, yokwera anthu, koma a Hilario anaidula kumbuyo ndi manja awo n'kuwotcherera bodi yonyamulira fodya. Tsono m'mawa umenewo anasanjikiza mabelo mpaka kupitirira denga, injini n'kunoka pachitunda.

A Amosi ankayenda pambali pa windo, chikwapu chili m'manja.

"Achimwene, makanika uja mwamumva eti? Akuti mpaka injini ina. Ingondigulitsani ine basi."

"Mukaikonza?"

"Ndikonzerenji? Ine ndikufuna ekiselo ndi matayala, ndipangire ngolo. Zinazo nkhuku ziziikiramo mazira."

Amayi a tomato anasiya kukangana n'kumaonerera, wina mpaka anafuula kuti, "Lero petulo wake ndi udzu!"

A Hilario anacheuka n'kuyang'ana mzere wokhotakhota umene anawotcherera okha, uja unawapsereza chala. Injini ina ikanadya fodya yense wa chaka chino, pomwe mayi a kunyumba anali atanenetsa kale kuti nyumba yaudzu saigonanso dzinja likubwerali.

Atafika pamphambano ng'ombe zinaima zokha, galimoto nayo n'kuima.

"Ekiseloyo ndi yolimba," anatero a Hilario. "Koma mukaphwasulire kwanu, osati pakhomo panga."

Anapotoza chiwongolero kuloza njira ya kwa a Amosi.