Desiki ya Pazenera

Mitambo inaunjikana pamwamba pa mzinda wa Darwin kuyambira m'mawa, yakuda bii, koma mvula osagwa. Kunja kunkawotcha. M'kati, pa nsanjika yachitatu ya ofesi ya boma, makina oziziritsa mpweya anali atawachepetsa mphamvu, ndipo malaya a Lindsay Harkin anali atamatirira kumsana.

Boma linali litalamula kuti maofesi ake achepetse magetsi. Theka la nsanjikayo linkayenera kutsekedwa: nyale kuzimitsa, makina kuzimitsa, anthu onse kusunthira mbali imodzi. Miyezi itatu m'mbuyomo anamata kachipangizo konga bokosi la machesi kunsi kwa desiki iliyonse, koti kaziwerenga madesiki amene akugwira ntchito. Yosagwira ntchito ankaimata kapepala kofiira, galimoto n'kudzaitenga. Galimotoyo inkayembekezeka kubwera tsiku limeneli, 3 koloko masana.

Desiki ya pazenera inali ya Noelene, mkazi wa Lindsay. Anagwira ntchito limodzi zaka makumi awiri ndi zitatu, madesiki awo atayang'anana. Noelene anamwalira mu Epulo, ndipo pamalo pake sanalembepo munthu wina. Juzi yake yobiriwira inali ikadali pampando. Kapu yake inali pomwepo, pambali pa kamtengo ka tsabola komwe anadzala m'chitini cha khofi. Kunyumba, ana anachotsa zovala zonse patangotha sabata imodzi chichitikireni maliro. Chotsala chinali desikiyo.

Lindsay sanadandaulire munthu. Anangopeza njira yake. M'mawa uliwonse ankayatsa kompyuta ya Noelene, n'kukhala pampandopo pang'ono kuti athirire tsabola uja. Madzulo ankaizimitsa.

Ili pafupi kukwana 2 koloko, anatulukira Kosta, wokonza zinthu m'nyumbayo, akukankha ngolo yonyamulira katundu. Anapeza Lindsay ali pazenerapo, akuwerenga mafomu a ziphaso za usodzi.

"Madala, kompyuta ya malemu mumaiyatsiranji tsiku ndi tsiku? Mukudikira imelo yochokera kumwamba?"

Lindsay sanaseke. "Kachipangizoko kaziona kuti ikugwira ntchito."

Kosta anaimitsa ngoloyo. "Aa, inu! Kameneko kompyuta sikaidziwa ayi. Kamangomva kutentha kwa miyendo ya munthu, basi. Anzanu a mbali inayo amasiya botolo la madzi otentha pampando akamathawira kokawedza."

Lindsay anayang'ana kompyuta ija. Miyezi itatu yathunthu akuyatsa chinthu chosawerengedwa. Anadzambatuka, natenga botolo lake la madzi, nalunjika kukhitchini.

"Musavutike, madala," anatero Kosta, mawu atafewa tsopano. "Kuwerenga kunatha Lachisanu."

Lindsay anaima pakati pa njira botolo lili m'manja. Kenaka foni ya pa desiki yake inalira. Anapita, nazungulira makatoni omwe wina anaunjika pampando wake, nayankha chiimirire. Anali Bronwyn, mayi amene ankayendetsa ntchito yochepetsa magetsiyo.

"A Lindsay, muli pomwepo? Ndikukwera ndi mndandanda."

Lindsay anabwerera pazenera. Anatsegula dirowa kuti mwina ayambe kulongedza. Munali magalasi a Lindsay owerengera, mapilitsi ake a mtima, ndi kachipeso ka Noelene kali ndi timatsitsi tiwiri toyera. Anatsekanso. Anayesa kunyamula desikiyo mbali imodzi, kuti mwina aikokere m'chipinda chosungiramo mafayilo. Inali yachitsulo, yakalekale. Sinasunthe. Msana ndi umene unalira.

Pansi pa msewu galimoto yoyera inali itaima kale, anthu awiri akutsitsa zingwe.

Bronwyn analowa ndi pepala kudzanja limodzi, mpukutu wa timapepala tofiira kudzanja linalo. Anayambira kukhomo. Desiki yoyamba, pha. Yachitatu, pha. Wina anakuwa kuti, "Imeneyo ndi ya Warwick, muuzeni akabwerako kunyanja!" Anthu anaseka. Lindsay anaika zikhatho zonse ziwiri pa desiki ya Noelene.

Pa zaka zonse zimene anagwira m'nyumbayo anali asanapemphepo kanthu. Mawu anatuluka movuta.

"Mayi Bronwyn. Mpaka Khirisimasi yokha. Ndikupuma pantchito Khirisimasi."

"A Lindsay..."

"Ikankhireni kumdimako. Ndizikakhala komweko. Nyale sindikufuna, makina sindikufuna."

"Si ine ndikusankha, bambo. Ndi manambala."

"Ana anachotsa zonse kunyumba," anatero Lindsay.

Kosta anayang'ana mawilo a ngolo yake. Bronwyn anamatula kapepala kofiira, kakumata pachala. Anayang'ana pepala lija, nayang'ana juzi yobiriwira, nayang'ananso pepala. Kenaka anatembenuka, nayenda masitepe atatu, nakamata kapepalako pa desiki ya Lindsay, pafupi ndi foni.

"Ya a Noelene ndi imene yagwira ntchito kuposa onse pa nsanjika ino," anatero. "Maola eyiti, tsiku lililonse. Yanuyi, bambo, kachipangizo sikanamvepo munthu ngakhale tsiku limodzi."

Lindsay anayang'ana makatoni aja pampando wake, fumbi lili mbuu pamwamba. Miyezi yonseyi ntchito ankagwirira pampando wa Noelene, osazindikira. Anatenga kapu yake, nakaiika pambali pa ya Noelene, ndipo anazimitsa kompyuta ija.