Loya wa Bambo Sakala

"Maloya salankhula muno, bambo," kalaliki wa khoti laling'ono ku Ndola anabwereza. "Muno timaweruza mwamwambo."

Bambo Sakala anagwira njakata. Mnansi wawo ku Chipulukusu anali atalowetsa mpanda m'poloti yawo, ndipo iwo ankadalira Josephine, mwana wawo amene anamuphunzitsa zamalamulo ndi thukuta la kumgodi.

"Nanga jurisipurudensi ija unkatisokosera nayo ndi chiyani?" anamufunsa mwana wawoyo, amene anabwera naye kukhotiko.

"Ndi kufufuza chifukwa chake malamulo ali momwe alili, atate."

"Siibweza mpanda?"

"Ayi, atate."

Dzina lawo litaitanidwa, anavula chipewa n'kumupatsa kuti awagwirire.

"Tsala pano, mwanawe, uzifufuza chifukwa chake ndikulowa ndekha."