Nyumba za Masitolo Zinali za Lendi

Panali bambo wina mumzinda wa Craiova, a Horia, amene anayendetsa tramu, sitima yamagetsi ya mumsewu, zaka makumi atatu n'kupuma. Nkhaniyi ndinaimva kwa aneba awo, ndipo akulumbira kuti ndi yoona.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Otilia, ankasamalira nkhalamba yodwala ku Italy. Kwa zaka zisanu ndi zinayi ankatumiza ndalama kuti bambo ake azimusungira, adzagule kanyumba ka zipinda ziwiri abwerere kwawo. Zitakwana mayuro 60,000, anaimba foni kuti Pasaka ikubwerayi abwera, ndipo sadzabwereranso ku Italy.

Tsiku lina a Horia akusewera tchesi kupaki, anabwera munthu wa jekete yokongola, dzina lake Sorin. Anaonerera pang'ono, kenako anayamba kukamba za masheya a kampani ina ya masitolo akuluakulu. Dzina lake sinditchula.

"Madala, onani nokha," anatero Sorin akuwaonetsa tsamba la lipoti la pachaka la kampaniyo, lowerengera m'malei, ndalama za dzikolo. "Katundu wokhazikika, malei 400 miliyoni. Koma masheya onse pamodzi akugulitsidwa 150 miliyoni basi. Itati igwe mawa, kungogulitsa nyumba zokha aliyense alandira kawiri."

A Horia anakopeka. Masitolowo ankawadziwa bwino, tramu yawo inkadutsa pa atatu tsiku lililonse: zimphona za nyumba, poimika magalimoto ngati bwalo la mpira. Anaganiza kuti ndalama za mwanayo zikabereka, amugulira ya zipinda zitatu.

Lamlungu kunabwera mlamu wawo, a Viorica, mchemwali wa akazi awo, amene anakhala akauntanti pa fakitale ya mipando mpaka imvi. Atatha kudya, a Horia anawaponyera lipotilo monyadira. A Viorica anavala magalasi, n'kuyamba kuwerenga chakumapeto.

"Alamu, mwawerenga masamba angati?"

"Limodzi, lomwe lili ndi nambala. Enawo ndi nkhambakamwa."

"Nambala ili patsamba 6, koma tanthauzo lake lili patsamba 48. Tamverani. Nyumba ndi malo anagulitsa zaka zinayi zapitazo kwa kampani ina ya banja la mwiniwake. Panopa akuchita lendi. Malamulo athu amati ukachita lendi ya zaka zambiri, ufulu wogwiritsa ntchito nyumbayo uulembe ngati katundu, ndipo lendiyo uilembe mbali inayo ngati ngongole. Pa 400 mukunenayo, 310 ndi ufulu umenewu. Si njerwa ayi."

"Nanga 90 yotsalayo si ndalama?"

"Ndi mafiriji, mashelefu ndi makina olipirira. Firiji ya zaka zisanu ndi ziwiri papepala ili ndi mtengo, koma sitolo ikatsekedwa imakagulitsidwa pasikelo ngati chitsulo."

A Horia anaseka mpaka kutsokomola. "Inu alamu, moyo wonse kuwerenga ndalama za eni, zanu zili kuti? Ine nyumbazo ndaziona ndi maso angawa!"

"Mwaona chikwangwani pakhoma. Zanga n'zochepa, koma zilipo. Ndiponso izo si zanu, n'za Otilia. Mwamufunsa?"

"Ndikufuna adzadzidzimuke."

"Adzadzidzimukadi," anatero a Viorica akuvula magalasi.

Mawa lake a Horia anakachotsa ndalama zonse kubanki, ndipo Sorin anawathandiza kugula masheya. Miyezi iwiri yoyamba mtengo unakwera, moti mdalayo kupaki sankapumitsa anzake. Koma Khirisimasi itadutsa, mashelefu anayamba kuoneka mipata chifukwa obweretsa katundu sankalipidwa. Mu Febuluwale masitolo onse anatsekedwa. Eni nyumba anatsitsa zikwangwani, n'kulowetsamo ena a lendi. Foni ya Sorin inasiya kupezeka.

A Horia anavala suti yawo ya maukwati n'kupita kwa mkulu amene khoti linamuika kuti agulitse zotsala.

"Bwana, nyumbazi zikagulitsidwa, ife a masheya tilandira liti?"

"Nyumba ziti, bambo? Kampaniyi inalibe ngakhale imodzi. Zomwe tapeza pa mafiriji ndi mashelefu sizikukwanira n'komwe mabanki, antchito ndi a msonkho. A masheya muli kumapeto kwa mzere, ndipo sizifika."

"Ndiye anatinamiza!"

"Ayi. Zonse zinalembedwa m'lipoti."

Chimandipweteka ine n'chimenecho. Palibe chomwe chinabisidwa, munthuyo anangochita ulesi kutembenuza masamba.

A Horia anakhala masabata awiri osauza aliyense, chakudya osachikhudza. Kenako Otilia anaimba masana ena, mawu ali odzaza chimwemwe, kuti wapeza nyumba yabwino pafupi ndi msika ndipo akufuna bambo ake akapereke ndalama ya chikole. A Horia anafotokoza zonse.

Otilia anamvetsera mpaka kumapeto.

"Zonse, ababa?"

"Zonse, mwanangu."

Sanalalate, sanalire. Anangoti, "Ndinawatsanzika kale mabwana anga kuno. Ndidule kaye, ndiwafunse ngati sanapeze munthu wina." Ndipo anadula.

Ntchito anamubwezera. Chaka chino ndi chakhumi ndi chimodzi akusambitsa makolo a anthu ena, ndipo a Horia Pasaka amadya okha ndi akazi awo.

Phunziro: Musanagule masheya, musakhutire ndi nambala yaikulu ya katundu wokhazikika. Werengani masamba akumbuyo mudziwe kuti ndi chiyani: malo ndi nyumba zawozawo, za lendi, kapena mafiriji otha. Onaninso ngongole zili mbali inayo. Wodziwa ntchitoyo akakuchenjezani, mverani, ndipo ndalama zosungitsidwa musazigwire mwiniwake asanavomere. Musaisunge nokha nkhaniyi, ifikitseni kwa abale ndi anzanu, makamaka amene akusungira ana awo ali kunja.