Mgolo wa pa Sabata

Bambo Laston anaima pa guwa maso ali pa benchi yachitatu. Malo a Ratidzo, mwana wawo wamkazi, analinso opanda munthu. Mkati mwa mlungu mtsikanayo ankakhalira kugulitsa zovala m'tauni. Pa Sabata ankatuluka m'mawa atatchena diresi la kutchalitchi, koma kutchalitchiko osaoneka.

"M'Chigiriki amati apositasiya," anatero mkulu wa mpingoyo. "Si kuterereka mwangozi ayi. Ndi kuchoka dala pamalo pako n'kukaima patali. Ndi kupanduka."

Aliyense ankadziwa yemwe akunenedwa.

Bamboyu Sabata sankaliseweretsa. Kwawo tsikuli kunalibe kuchapa, kusesa, ngakhale kutunga madzi. Umboni anali nawo, ndipo ankaubwereza mpaka anthu anauloweza: m'dera lawo lonse la Mabvuku mipopi inauma kalekale, koma iwo akaweruka ku mapemphero ankapeza mgolo wa pansi pa mpopi wawo uli tho! Mulungu amasamala osunga Sabata, ankatero munthu amene chibadwire sanasenzepo ndowa. Madzi amenewo ndi omwe ankasambitsira akazi awo, a Lidia, omwe sitiroko inawagoneka pabedi.

Atafika kunyumba anamupeza Ratidzo, ndipo sanazungulire.

"Sabata likubwerali ukapanda kukhala pa benchi ija, ndikakuchotsa pa mgonero ndi pakamwa pangapa. Ndipo m'nyumba muno utuluka."

"Bambo, ndimati..."

"Wopanduka sayankha."

Ratidzo anayang'ana mayi ake. Mayi ake anayang'ana kukhoma.

Sabata lotsatira mtsikanayo anakhala pa benchi yachitatu, duku kumutu, nyimbo zonse n'kuimba. Mtima wa Bambo Laston unakhala pansi. Analengeza kuti wosochera uja wabwerera, amayi a mumpingo n'kuimba nthungululu.

Kunyumba chinawalandira ndi fungo. A Lidia anali atadziipitsira, akulira chamumtima ndi manyazi. Bambo Laston anathamangira kumgolo, beseni lili m'manja. Unali wouma gwa. Anapotokola mpopi uku ndi uku, koma munangotuluka fumbi la dzimbiri.

"Mpopi umenewo unauma ine ndisanadwale," anatero a Lidia, lilime likulemera. "Pa mjigo mzere umachepa pa Sabata pokha, anthu akakhala kutchalitchi. Wopanduka wanu uja, amene ankadzaza mgolowo, mwamubweza kutchalitchi, bambo. Nanga andisambitse ndi chiyani?"