Ng'ombe za a Fanizo zinapita dzuwa lili pamutu

Panali munthu wina ku Bwanje, m'boma la Ntcheu, dzina lake Evance Fanizo. Ankalima mpunga kusikimu ndipo m'khola mwake munali ng'ombe zisanu ndi ziwiri. Sizinali zake yekha ayi. Anazisiya malemu bambo ake amene anagwira ntchito kumigodi ya ku Joni, ndipo zinali za iyeyo ndi mchemwali wake Malita, wokwatiwa ku Mlangeni.

Chaka chimenecho mbava zinavuta kwambiri. Evance anamanga khola lamitengo yolimba, n'kugula loko ndi agalu awiri. Iye ankati wakuba amabwera ndi mdima basi.

Lachiwiri lina m'mawa, panjinga yamoto panatsika bambo wovala jasi loyera ndi gambutsi. Anati ndi a Nicholas, dokotala wa ziweto wochokera ku bungwe lina lothandiza alimi. Analowa m'khola, n'kutsegula kukamwa kwa ng'ombe imodzi, n'kupukusa mutu.

"Bambo, mukuona dovuli? Awa ndi matenda a zilonda zam'kamwa ndi m'mapazi. Akuluakulu akamva, ng'ombe zonsezi aziwombera n'kuzitentha."

Evance anafunsa kuti, "Ndiye nditani, adokotala?"

"Musauze munthu. Mawa masana tibwera ndi lole, tikazibaye katemera kumalo athu. Pakatha masiku atatu tizibweza zili bwinobwino. Zaulere."

Mlendo uja atachoka, mkazi wake Mervis anati, "Bambo a Tisunge, ng'ombe yobzikula imatuluka dovu masiku onse. Bwanji muwaimbire alangizi athu a ziweto aja? Kapena achemwali anu, poti ng'ombezi n'zawonso?"

"Ukufuna aziwombere? Munthu wanena kuti tisauze aliyense."

"Chimene chikundiopsa ine n'chomwecho. Wothandiza amabisalanji?"

"Zosamalira ng'ombe undisiyire ine," anatero Evance.

Mawa lake lole inafikadi dzuwa lili pamutu, anthu ambiri ali kusikimu. Evance anatsegula yekha loko, anamangirira yekha agalu ake, n'kuthandiza kukankha ng'ombe kuti zikwere. Nkhunzi inakana, iye n'kuimenya ndi ndodo mpaka inakwera. Kenako a Nicholas anatulutsa pepala lolembedwa m'Chingerezi.

"Sainani apa, n'chilolezo cha katemera. Bweretsaninso chiphaso chanu ndichijambule."

Evance anasaina osawerenga. A Nicholas anamujambulanso pafoni akugwirana chanza pafupi ndi lole, akuti n'za lipoti la kuofesi.

Tsiku loyamba Evance anaimba foni. "Zikudya bwino, musadandaule," anayankha a Nicholas. Tsiku lachiwiri foni inalira osayankhidwa. Evance anapita kumunda koma khasu silinkagwirika. Galimoto ikalira kumsewu ankathamangira kukasuzumira. Tsiku lachitatu nambala sinkapezekanso. Anaimba kakhumi, anabwereka foni ya mnansi n'kuimbanso. Chimodzimodzi. Anakhala pakhomo la khola mpaka madzulo, maso ali kunjira.

Lolemba anapalasa njinga kupita kwa alangizi a ziweto. Alangizi anagwira pakamwa. "Kuno kulibe matenda amenewo, ndipo bungwe limenelo sindinalimvepo. A Fanizo, bwanji simunandifunse?"

Evance anathamangira kupolisi. Apolisi atafufuza, anapeza kuti lole ija inadutsa parodibuloko tsiku lomwelo, kulowera cha ku Lizulu.

"Nanga munailola bwanji?" Evance anafunsa.

Wapolisi anamuonetsa chithunzi cha pepala lija. "Iyi si siginecha yanu? Apa palembedwa kuti inu, Evance Fanizo, mwagulitsa ng'ombe zisanu ndi ziwiri mwa kufuna kwanu. Chiphaso chanu ichi. Ndipo uyu akumwetulira pafupi ndi loleyu si inu?"

Evance anakhala pansi, pasimenti.

Anapita ku Lizulu, n'kuzungulira msika wonse, kufunsa ogulitsa mbatata, a kabaza, ndi ogulitsa nyama. Wina anati anaona lole yotero ikuwolokera ku Mozambique. Wina anati ng'ombezo zinaphedwa tsiku lomwelo n'kutumizidwa kutauni. Palibe amene anafuna kutchula dzina la munthu.

Asanapeze mawu okamuuzira mchemwali wake, mbiri inali itafika kale ku Mlangeni. Malita anatulukira Lamulungu anthu akuweruka kutchalitchi, n'kuima pabwalo osalandira mpando.

"Achimwene, ng'ombe za bambo zili kuti?"

"Achemwali, anandipusitsa. Anati zikudwala."

"Zikudwala, inu osandiimbira? Chikalata ndachiona kupolisi. Wakuba amasainitsa mwini wake? Wakuba amajambulitsa naye chithunzi?"

Mervis anagwada. "Alamu, ine ndinalipo. Sanalandire kanthu bambowa."

"Inu ndinu akazi awo, munganene chiyani china?"

Malita anamanga chitenje chake n'kubwerera ndi minibasi yomwe inamubweretsa.

Ng'ombe sizinapezeke mpaka lero. Nyengo yolima itafika, Evance ndi Mervis anatipula munda wonse wa mpunga ndi makasu, anzawo akulima ndi ng'ombe pafupi pomwepo. Koma chimene chimamupweteka kwambiri Evance si msana. Mwana wa Malita anakwatiwa mwezi wathawu ku Mlangeni, ndipo Evance, malume ake enieni, anamva za ukwatiwo kwa anthu pamsika.

Phunziro: Mbava za masiku ano sizithyola khola, zimakupemphani kuti mutsegule nokha. Mlendo akakuopsezani n'kunena kuti "musauze munthu", pomwepo ndiye uzani anthu. Funsani alangizi amene mumawadziwa, mverani a m'nyumba mwanu, ndipo musasaine pepala limene simunaliwerenge. Tumizani uthengawu kwa abale ndi anansi onse oweta ziweto, lole ija isanaime pakhomo pawo.