Kachomela ka Vitalis

"Kameneka wakathilila ndani?" anafunsa Anastazia.

Apongozi ake aakazi anangoyang'ana pansi.

Kachomelako, ka masamba onga nthenga, mwamuna wake Vitalis anakazula kumtsinje ku Kacholola n'kukaika m'chitini, pakona pamthunzi. Ankakathilila madzi otsala pometa ndevu. Chimwalilile iye kumigodi chaka chachiwili cha boma la Chitaganya, Anastazia sanakapatseko dontho. Ankafuna kaume, poti akuchimuna anati kakadzauma adzamusudzula, kuti akwatiwe ndi a Whiteson akusitolo.

Koma dothi linali lonyowanso, likununkhila sopo wometela ndevu, m'nyumba yopanda mwamuna. Tsamba latsopano linali litapindika ngati chala chokodola.

A Whiteson anaodila pakhomo. "Amai, mawa nditume ankhoswe?"

Anastazia anayang'ana tsamba lokodola lija, napukuta manja pachitenje.

"Musawavutitse, bambo. Ine sindichoka m'nyumba muno."